DZIKO LA AMERICA POLIONERA PA MBOMBWE

Chaka chilichonse pa 15 Januwale anthu amakhamukira ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kukakumbukira Mbusa John Chilembwe. Kumakhala mapemphero, nyimbo za makwaya ndi mawu a akuluakulu a mpingo, ndipo dzuwa likapendeka aliyense amalowera kwawo. M'chaka cha 2025, patangopita masiku asanu kuchokera pa tsiku la chikumbutsoli, Pulezidenti Donald Trump adasaina chikalata ku Washington choimitsa kwa masiku 90 chithandizo chomwe boma la America limapereka kumaiko ena. Mwezi wa Januwale usanathe, mabungwe ambiri othandiza pa zaumoyo m'Malawi muno adali atalandira makalata owauza kuti aime kaye. Anamwino, alangizi ndi achinyamata oyendera odwala m'midzi adagona osadziwa ngati kukacha adzakhala akadali pantchito.

Omvera ena afunsa kuti kodi Mbombwe ndi Washington zikukumana pati. Zikukumana ndithu. M'chigawo chino cha Africa ndi malo owerengeka okha amene ubale wawo ndi America udapitirira zaka 120 monga Mbombwe, ndipo munthu wofuna kulingalira za komwe dziko lamphamvulo likulowera pa kakhalidwe kake ndi maiko ena angathe kuona patali ataima pamenepa. Mbiri ya Chiradzulu imaonetsa kuti America amabwera ndi manja awiri. Lina ndi dzanja la anthu wamba, la mipingo ndi masukulu, lomwe limapereka zochepa koma silitopa msanga. Lina ndi dzanja la boma, lomwe limatha kusenza katundu wolemera lero, mawa n'kumutula pakati panjira chifukwa kwawoko kwachitika chisankho.

Chilembwe adafika ku America m'chaka cha 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, mmishonale wochokera ku England amene adamulemba ntchito ya pakhomo mu 1892. Dziko lomwe mnyamata wa ku Chiradzuluyo adalipeza silidali paradizo ayi. Ukapolo udali utathetsedwa mu 1865, koma mu 1896 bwalo lamilandu lalikulu la dzikolo lidagamula kuti n'kololedwa kupatula anthu akuda ndi azungu m'sitima zapamtunda, ndipo chigamulocho chidatsegula njira ya tsankho m'masukulu, m'zipatala ndi m'malo odyera. M'madera akummwera magulu a azungu ankapha anthu akuda popanda mlandu kuzengedwa. Booth ndi Chilembwe nawonso adalawako chipongwe kaamba kongoyendera limodzi mumsewu, mzungu ndi munthu wakuda.

Koma pakati pa mavuto omwewo Chilembwe adaonanso chinthu chimene ku Nyasaland kudalibe. Adaona ana a akapolo ali ndi matchalitchi awoawo, masukulu awoawo, nyuzipepala zawozawo, abusa ndi madokotala a mtundu wawo. Mipingo ya Baptist ya anthu akuda idali itangogwirizana kumene mu 1895 kupanga bungwe la National Baptist Convention. Mlembi wa nthambi yake yoona za umishonale kunja, Mbusa Lewis G. Jordan, amene iye mwini adabadwira mu ukapolo, ndiye adalandira Chilembwe kuchokera m'manja mwa Booth. Adamutumiza kusukulu ya Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg, komwe mkulu wa sukulu, Gregory Hayes, ankaphunzitsa molimba mtima kuti munthu wakuda aziyendetsa yekha zinthu zake. Ndalama zolipirira maphunzirowo zidachokera m'mbale za chopereka, kwa anthu amene ambiri mwa iwo adali olima thonje ndi ochapa zovala za eni.

Pamene Chilembwe ankawerenga mabuku ku Lynchburg, boma la dzikolo lidali kusintha mayendedwe. Kuyambira nthawi ya George Washington, amene potsazikana ndi anthu ake mu 1796 adawachenjeza za mapangano omangirira dziko lawo kumaiko ena mpaka kalekale, America ankayesetsa kutalikirana ndi mikangano ya ku Ulaya. M'chaka cha 1898 adamenyana ndi Spain, natenga zilumba za Philippines, Puerto Rico ndi Guam. Chaka chomwecho adatenganso Hawaii. Dziko lomwe lidabadwa pokana utsamunda wa Angerezi lidapezeka nalonso lili ndi maiko olamulira kutsidya kwa nyanja. Za Africa lidalibe nazo chidwi kwenikweni. Lidatumiza nthumwi kumsonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885, komwe maiko a ku Ulaya adagwirizana za kagawidwe ka Africa, koma pangano la kumeneko silidavomerezedwe ndi nyumba ya malamulo ya ku Washington. M'maso mwa boma limenelo, Nyasaland idali nkhani ya Angerezi basi.

Chotero amene adafika ku Chiradzulu ndi America wa mipingo. Chilembwe adabwerera kwawo mu 1900 ali mbusa wodzozedwa, nagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe. Mu 1901 kudabwera Mbusa Landon Cheek, ndipo mu 1902 kudabwera mayi Emma DeLaney, mphunzitsi ndiponso namwino wophunzira ku Spelman mumzinda wa Atlanta. Onse awiri adali anthu akuda. Anthu a m'midzi yozungulira adazizwa kuona munthu wa khungu ngati lawo akulankhula Chingerezi cha kubadwa nacho, akuwerenga makalata ochokera kutsidya, osavulira mzungu chipewa mwamantha. Mishoniyo idatchedwa Providence Industrial Mission, ndipo mawu akuti "Industrial" adali ndi fungo la sukulu ya Booker T. Washington ya ku Tuskegee: kupemphera pamodzi ndi kuumba njerwa, kusoka, kupala matabwa ndi kulima mbewu zogulitsa. Pofika 1912 masukulu a PIM adali ndi ana pafupifupi 1,000, ndipo mu 1913 tchalitchi chachikulu cha njerwa chidamalizidwa.

Tsono dzanja la anthu wamba nalonso lili ndi kufooka kwake, ndipo mbiri isabise zimenezi. DeLaney adabwerera kwawo mu 1905, Cheek mu 1906. Ndalama zochokera ku America zinkafika mwa apo ndi apo, kotero kuti m'zaka zake zomaliza Chilembwe adali m'ngongole, uku akudwala mphumu, uku maso akuchita chidima. Pafupi pomwepo, paminda ya A. L. Bruce ku Magomero, Alomwe othawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi ankagwira thangata, ndipo woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, ankatentha tinyumba topemphereramo ta PIM. Nkhondo ya 1914 itafika ku Karonga, Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akufera mkangano womwe suli wawo. Zotsatira zake omvera akuzidziwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira. Pa 3 Febuluwale iye adawomberedwa cha ku Mulanje. Tchalitchi chija adachiphwasula ndi zophulitsira miyala.

Nthawi imeneyo America adali asanalowe nkhondo. Adalowa mu Epulo 1917, ndipo mu Januwale 1918 Pulezidenti Woodrow Wilson adalengeza mfundo 14 za mtendere. Mawu ake onena za ufulu wa mitundu ya anthu adamveka mpaka ku Egypt, ku India ndi ku Korea, ngakhale kuti iye mwini ankaganizira makamaka mitundu ya ku Ulaya. Wilson yemweyo ndiye adalimbikira kuti pakhale bungwe la League of Nations loti maiko azikambiranamo m'malo momenyana. Maiko adavomera, bungwe lidakhazikitsidwa, koma nyumba ya Senate ya kwawo idakana panganolo mu 1919 ndiponso mu 1920. Womemeza anzake kudima ndiye adatsala pakhomo ndi khasu lake. Khalidwe limeneli, lakuti mtsogoleri alonjeza kunja kenaka a kwawo n'kufafaniza, lidzaonekanso kambirimbiri m'nkhani ino.

Kuukira kwa 1915 kudachititsa atsamunda kuopa munthu wakuda aliyense wochokera ku America, ndipo amene adalawa mantha amenewo ndi Daniel Sharpe Malekebu. Uyu adali mwana wa sukulu wa mayi DeLaney ku Mbombwe. Mayiwo atachoka, mnyamatayo adathawa kwawo, nayenda pansi mpaka kudoko la Beira, nagwira ntchito m'sitima zapamadzi kufikira atatsika ku New York. Mu 1917 adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville, ndipo amadziwika kuti ndiye Mmalawi woyamba kukhala dokotala. Atabwera mu 1921 ndi mkazi wake Flora, boma la Zomba lidawakaniza kukhala m'dziko. Adakagwira ntchito ku South Africa ndi ku Liberia, mpaka mu 1926 pamene adaloledwa kutsegulanso PIM mothandizidwa ndi National Baptist Convention yomwe ija. Anthu a mpingo umenewo adadikira zaka 11 osaiwala kamudzi komwe ambiri a iwo sakadatha ngakhale kukaloza pamapu.

Chaka chimodzi Malekebu asanabwerere, mnyamata wina wa ku Kasungu adakwera sitima kupita ku America mothandizidwa ndi mpingo wina wa anthu akuda, wa African Methodist Episcopal. Hastings Kamuzu Banda adaphunzira ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio, adapitirira ku Chicago, ndipo mu 1937 adatenga udokotala ku Meharry komweko. Apa mpofunika kuima pang'ono. Munthu amene nkhope yake Amalawi amaiona pandalama, dokotala woyamba wa dziko lino, ndi mtsogoleri wake woyamba, onse atatu adadutsa m'masukulu a anthu akuda a ku America. Sidali ndondomeko ya boma la Washington. Adali makomo otseguka ndi anthu okoma mtima. Komabe dziko la America ndilo lidakolola ulemu wake, ulemu womwe kazembe sangaugule ngakhale atabwera ndi matumba a ndalama.

Dzanja la boma lidafika mochedwa, nkhondo yachiwiri itatha, pamene America ndi Soviet Union adayamba kulimbirana maiko. Mu 1961 Pulezidenti John Kennedy adakhazikitsa bungwe la USAID loyendetsa chithandizo, ndiponso la Peace Corps lotumiza achinyamata kukagwira ntchito modzipereka. Gulu loyamba la achinyamatawo lidafika ku Nyasaland mu 1963, dziko lisanalandire ufulu, ndipo ambiri adakhala aphunzitsi m'masukulu a sekondale pa nthawi yomwe aphunzitsi adali osowa ngati madzi a m'chilimwe. Agogo ambiri amene akumvera lero adaphunzira masamu ndi sayansi kwa iwo. Ena mwa alendowo adalowerera ndale za dziko: Paul Theroux, amene pambuyo pake adatchuka polemba mabuku, adapirikitsidwa mu 1965, ndipo m'zaka zotsatira gulu lonse lidachotsedwapo, n'kudzabweranso mu 1978.

Boma la Dr. Banda lidali bwenzi lodalirika pa mkangano wa maiko awiri aja. Lidadana ndi chikomyunizimu, lidapalana ubwenzi ndi Taiwan m'malo mwa Beijing, lidatsegula ubale ndi boma latsankho la South Africa mu 1967, ndipo Dr. Banda adali mmodzi wa atsogoleri ochepa a mu Africa ogwirizana ndi America pa nkhondo ya ku Vietnam. Chaka chomwecho cha 1967 adalandiridwa ndi Pulezidenti Lyndon Johnson ku Washington. M'zaka zimenezo anthu ankatsekeredwa ku Dzeleka ndi ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, koma mawu odzudzula ochokera ku Washington sankamveka kwenikweni. N'zoona kuti Henry Masauko Chipembere, kuukira kwake kwa 1965 kutalephereka, adapeza pothawira ku America, komwe adamwalirira mu 1975. Wothawa ankalandiridwa, womuthamangitsa nayenso ankalandiridwa.

Khoma la Berlin lidagwa mu 1989, Soviet Union idaphwasuka mu 1991, ndipo mwadzidzidzi nkhani ya ufulu wa anthu idakwera mtengo. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo mu Malichi 1992, maiko othandiza Malawi, America ali momwemo, adakumana ku Paris mu Meyi naimitsa chithandizo chonse kupatula cha njala ndi cha othawa nkhondo. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri. Palibe angakane kuti kufinya kwa maiko akunja kudathandiza. Koma ndende zija zidalipo zaka zoposa 25 m'mbuyomo. Chidasintha mu 1992 ndi chakuti mantha a Moscow adali atatha.

Kenaka kudadza mliri. Omvera a ku Chiradzulu safuna kukumbutsidwa za zaka za m'ma 1990, pamene maliro ankagundana m'mudzi umodzi ndipo ntchito yoyenda malonda idali yokhoma mabokosi. Mankhwala a ma ARV adalipo kale kumaiko olemera, koma mtengo wake udali wosayandikirika, ndipo kumapeto kwa zaka zimenezo boma la America lidafinyapo South Africa poteteza makampani opanga mankhwala, lisanasinthe maganizo. Amene adayamba kupereka ma ARV aulere pachipatala cha boma ku Chiradzulu mu 2001 adali madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières, lomwe lidayambira ku France, osati Aamerica. Ntchito yawo idathandiza kutsutsa bodza lakuti anthu a kumudzi sangathe kumwa mankhwala motsata nthawi.

Koma kuti zomwe zidatheka m'boma limodzi zifalikire dziko lonse padafunika chuma chimene bungwe lachifundo silingakhale nacho. Mu 2003 Pulezidenti George W. Bush adalengeza ndondomeko ya PEPFAR, ya madola 15 biliyoni pa zaka zisanu zoyamba, ndipo zipani zonse ziwiri za m'nyumba ya malamulo zidaivomera. Mu 2004 Malawi adayamba kugawa ma ARV aulere ndi ndalama za thumba la Global Fund, lomwe America ndiye adaponyamo zochuluka kuposa dziko lina lililonse. Padabweranso ndondomeko yolimbana ndi malungo ya 2005, yogawa masikito ndi mankhwala. Akatswiri amawerengera kuti PEPFAR idapulumutsa miyoyo pafupifupi 25 miliyoni m'maiko osiyanasiyana. M'Malawi muno, momwe anthu pafupifupi miliyoni imodzi ali ndi kachilombo ka HIV, pali aphunzitsi, alimi ndi amalonda amene akulera zidzukulu lero chifukwa cha mfundo yomwe idamangidwa ku Washington. M'mbiri yonse ya America ndi Africa, apa ndi pomwe dzanja la boma lidachita chinthu chachikulu koposa. Ngakhale magetsi adapindulako: madola 350 miliyoni a bungwe la Millennium Challenge Corporation adakonzera makina a ku Nkula ndi kumanga nthambo zazikulu kuchokera ku Phombeya kukafika ku Nkhoma pakati pa 2013 ndi 2018, ngakhale kuti ndalamazo zidayamba zaimitsidwa anthu ataphedwa pazionetsero za mu Julayi 2011.

N'chifukwa chake zochitika za 2025 zidagwedeza anthu. Mu Malichi, nduna yoona za maiko akunja, Marco Rubio, idalengeza kuti ntchito 83 mwa 100 zilizonse za USAID zathetsedwa, ndipo pa 1 Julayi bungwe la Kennedy lija lidatsekedwa, zotsala zake n'kulowa mu unduna wa zakunja. Amene adachita zimenezi ali ndi zifukwa zawo, ndipo n'koyenera kuzimva. Ngongole ya boma la America idali itapitirira kale madola 36 thililiyoni m'chaka chimenecho. Dzikolo lidataya ana ake ndi chuma chosawerengeka pa nkhondo ya ku Iraq ndi ya zaka 20 ku Afghanistan, ndipo m'matauni momwe mafakitale adatsekedwa, ovota amafunsa chifukwa chomwe msonkho wawo ukumangira zipatala za eni. Chithandizo cha kunja chidali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a ndalama zomwe boma limagwiritsa ntchito, koma pa ndale munthu wokwiya sawerengera. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Funso lakuti bwanji dziko la zaka 60 za ufulu likugulirabe odwala ake mankhwala ndi ndalama za alendo ndi loyenera kuyankhidwa ku Lilongwe, osati ku Washington. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa adalonjeza kupereka 15 mwa 100 ya chuma cha boma ku zaumoyo, ndipo ndi maiko owerengeka okha amene adakwaniritsapo.

Komabe vuto lomwe America wadzipangira ndi lalikulu kuposa ndalama zomwe wasunga. Dziko lamphamvu limatsogolera anzake ndi zida, ndi chuma, komanso ndi mawu oti likalonjeza anthu n'kumangapo nyumba. Pangano la ku Paris lochepetsa utsi wowononga nyengo, America adalilowa mu 2016, adatulukamo mu 2020, adabwereramo mu 2021, ndipo mu Januwale 2025 adalamulanso zotulukamo. Za bungwe la zaumoyo la WHO zidayendanso chimodzimodzi: kutsazika mu 2020, kubweza mawu mu 2021, kutsazikanso mu 2025. Kwa anthu a m'mudzi wa Ntauchira, womwe udakokoloka ndi matope ochokera m'phiri pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, nkhani ya nyengo si ya m'mabuku. Ndipo munthu amene wayamba ma ARV amamwa moyo wake wonse, pamene pulezidenti wa America amasankhidwa zaka zinayi zilizonse. Nduna ya zaumoyo kapena ya zachuma ya dziko lililonse laling'ono tsopano iyenera kudzifunsa, isanasaine chilichonse, ngati pepalalo lidzakhalabe ndi mphamvu chisankho cha 2028 chikadzapita.

Amene akudikira pambali ndi China. Mu Disembala 2007 Malawi adasiya Taiwan, bwenzi la zaka zoposa 40, napalana ubale ndi Beijing. Zotsatira zake zimaoneka ndi maso: nyumba ya malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga kupita ku Chitipa, sukulu ya ukachenjede ya sayansi ku Thyolo, bwalo lamasewero la Bingu. Kuyambira 2009 China ndiye dziko lochita malonda ochuluka ndi Africa kuposa lina lililonse. Zina mwa zomangazo ndi ngongole yodzabweza, ndipo China sadayambe wasenzapo mtolo wa mankhwala a Edzi monga adachitira America. Koma mwana wobadwa lero adzakula akuona nyumba zomwe Atchaina adamanga, pamene chithandizo cha America chidali m'magazi mwa amayi ake, chosaoneka, ndipo chikaleka sipatsala chipilala choloza.

Mpikisano wa awiriwa wafika kale pafupi ndi Mbombwe. Kummawa kwa Chiradzulu, m'boma la Phalombe, kuli phiri la Songwe, ndipo ku Balaka kuli la Kangankunde. M'mapiri amenewa muli miyala yosowa yomwe amapangira maginito a galimoto zoyendera magetsi, mafoni ndi ndege zankhondo. China ndiye amayenga pafupifupi 90 mwa 100 ya miyala yotere padziko lonse, ndipo America akufunitsitsa kupeza kwina koigula. Apa pali mwayi weniweni. Dziko logulitsa limalankhula litaimirira, pamene lopempha limalankhula litagwada, ndipo atsogoleri ambiri a mu Africa akhala akunena kuti akufuna malonda koposa zachifundo. Koma anthu a ku Magomero akudziwa kuti malonda amathanso kukhala thonje ndi fodya kutuluka, mwini nthaka n'kutsala ndi matuza m'manja. Ndiponso msika wa America uli ndi zitseko zake. Lamulo la AGOA la m'chaka cha 2000 lidalola katundu wambiri wa mu Africa kulowa popanda msonkho. Mu Novembala 2019 fodya wa Malawi adaimitsidwa pamadoko a America kaamba ka nkhani ya kugwiritsa ntchito ana m'minda. Mu Epulo 2025 msonkho udakwezedwa pa katundu wa pafupifupi maiko onse, ndipo pamene nthawi ya AGOA inkatha mu Seputembala chaka chomwecho, nyumba ya malamulo idali isanaiwonjezere.

Si zonse zomwe zidagwa. Mu Julayi 2025, pamene boma lidapempha nyumba ya malamulo kuti ibweze ndalama zomwe idavomereza kale, aphungu a Senate, ena a chipani cha pulezidenti yemweyo, adakana kudula madola 400 miliyoni a PEPFAR. Mu Seputembala boma lidatulutsa ndondomeko yatsopano ya zaumoyo, yakuti lizipangana mwachindunji ndi boma la dziko lililonse, dzikolo n'kumawonjezera gawo lake chaka ndi chaka. Ngati mbali zonse ziwiri zingasunge mawu, njira imeneyi ingathe kulimbitsa zipatala za boma kuposa kale, pamene ndalama zambiri zinkadzera m'mabungwe apadera. Dzanja lina lija nalonso silidafe. Madokotala a masukulu a Johns Hopkins ndi Michigan State akhala akufufuza za Edzi ndi malungo pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira zaka za m'ma 1980, ndipo mipingo ya kuno ndi ya kutsidya ikulemberanabe makalata monga ankachitira Chilembwe ndi Jordan.

Chomwe chingafooketse dzanja limeneli ndi chitseko. Kalembera wa 1966 adapeza anthu 4 miliyoni m'Malawi. Wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni, ambiri a iwo ana ndi achinyamata. Bungwe la United Nations limawerengera kuti pofika 2050, munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko adzakhala wa mu Africa, ndipo maiko a mu Africa ali ndi mavoti 54 m'bungwelo. Pakati pa ana amenewa pali nduna, akazembe ndi atsogoleri a mawa, ndipo komwe adzaphunzire ndi komwe adzakhale ndi abwenzi. Mu Ogasiti 2025 boma la America lidasankha Malawi ndi Zambia kukhala maiko oyamba omwe nzika zake, pofuna chiphaso chokacheza kapena kukachita malonda, zinkayenera kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Chifukwa chomwe lidapereka n'chakuti ena akapita sabwerera pa nthawi yake, ndipo dziko lililonse lili ndi ufulu wolondera malire ake. Mu Disembala chaka chomwecho dzina la Malawi lidalowanso pamndandanda wa maiko omwe nzika zake zidachepetsedwa mwayi wolowa m'dzikolo, ophunzira ali momwemo.

Dr. Malekebu adatumikira ku Mbombwe zaka zoposa 40, akulalikira, akuchiza odwala, namanganso tchalitchi chachikulu pafupi ndi mabwinja a chija chidaphwasulidwa. Adamwalira mu 1978. Pa tsiku lomwe adatsika sitima ku New York m'thumba mwake mudalibe chikole. Chomwe adali nacho ndi dzina la mphunzitsi wake wa ku PIM. Sukulu ya ku Lynchburg ikadalipo, ngakhale dzina lidasintha kukhala Virginia University of Lynchburg. Meharry nayo ikadalipo ku Nashville, ndipo ikuphunzitsabe madokotala. Ku Mbombwe belu la sukulu limalirabe m'mawa uliwonse, ana n'kuthamangira m'kalasi ndi makope m'manja.